A Winston Asamutsa Thadzi

A Winston anagwira ukapitawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo pa zaka zonsezo palibe amene anawaonapo akuthyola tsamba ngakhale limodzi. Ntchito yawo inali kuima m'kanjira ka pakati pa minda, wenzulo pakhosi, n'kumayang'ana misana ya anthu. Msana ukawongoka, ankaimba wenzulo. Ukawongokanso, ankafunsa dzina, ngakhale mwini msanayo akhale mlamu wawo. Tsiku limene anapuma pa ntchito, bwana anawapatsa satifiketi ya m'felemu ndi ambulera, nawakumbutsa kuti nyumba ya kampani ikufunika pofika Lachisanu.

Umu ndi mmene anafikira ku Nsabwe, kwawo kwa akazi awo, mai Esnat, kumene zaka zonsezi anali mkamwini wongomveka dzina. Munda unali wa mai Esnat, nthochi za mai Esnat, ngakhale mthunzi wa mtengo wa mapeyala unali wakuchikazi. Choti alamulire panalibe.

Chaka chomwecho, dzuwa la Okutobala litafika pachimake, chitopa chinalowa m'mudzi. Mai Esnat anali ndi nkhuku khumi ndi zisanu ndi zinayi, mtundu umene anausunga kuchokera kwa malemu amayi awo. Zinatsala ziwiri: tambala wofiira ndi thadzi limodzi lometeka m'khosi, losaoneka bwino.

Tambala uja a Winston anamukonda tsiku loyamba lomwe. Anaona kuti ndi wodziwa ntchito. Ankadzuka onse ali m'tulo, n'kukuwa, kenaka n'kumayendayenda chifuwa patsogolo. Akapeza kambewu ankaitana thadzi ndi timawu tokoma, thadzi likafika iye n'kumeza yekha. A Winston ankagwedeza mutu movomereza.

Thadzi ndilo linawasowetsa mtendere. Linaikira mazira khumi ndi limodzi m'dengu lakale lothyolera tiyi, kuseri kwa chitseko cha khitchini, kenaka linakhalapo osasuntha. Munthu akayandikira linkafufumitsa nthenga n'kumang'ung'udza. Linkatuluka kamodzi patsiku, kujompha madeya mothamanga, kumwa madzi, kudzigudubuza pafumbi, n'kubwerera. Mazira amenewo ndiwo anali khola lonse la mai Esnat. Akalephera, mtundu wa amayi awo unali pafupi kuthera pomwepo.

"Amake Tisungane," anatero a Winston tsiku lachitatu, "nkhuku yanuyi ikujomba. Sikutuluka ndi anzake."

"Anzake ati? Anzake tinakwirira."

"Kuikira yasiya. Ingokhala. Ku esiteti munthu wotere tinkamupatsa chenjezo."

"Ikufungatira, abambo. Ntchito yake ndi yomweyo, kukhala. Inu munaima zaka zonse zija, anakufunsani ndani? Isiyeni."

Mwina akanaisiyadi pakanapanda bungwe lina limene linamva za chitopa nkhuku zitatha kale. Linabwera pa galimoto yoyera kudzaphunzitsa anthu kaŵetedwe ka nkhuku zimene analibe. Mai Esnat anali kumunda, choncho kumsonkhano kunapita a Winston. Popeza ndi okhawo amene anafika atapisira malaya ndiponso ali ndi bolopeni, anabwerako ali wapampando wa komiti ya nkhuku, tisheti paphewa, kapepala ka malangizo m'thumba.

Kapepalako kanali ndi chithunzi cha khola lam'mwamba, la nsanamira zinayi, miyezo yake yolembedwa bwinobwino. Kanati nkhuku isagone m'khitchini. Za nkhuku yofungatira sikananene kanthu. Mwina wolembayo nkhuku ankaidziwira m'mbale.

A Winston anamanga kholalo sabata yathunthu, ndipo tisaname, linali lokongola. Mitengo ya bulugamu yoongoka, kamakwerero, kachitseko ka loko. Nkhuku ya ku Nsabwe inali isanalotepo nyumba yotere. Kenaka kunabwera uthenga woti alangizi a bungwe lija adzayendera makola Lachinayi.

"Khola lopanda nkhuku adzaliona bwanji?" anafunsa a Winston. "Ngati ofesi yopanda kalaliki."

"Ikanimo tambala wanuyo."

"Malangizo akuti chisa chikhale m'khola."

"Abambo a Tisungane, ndimvereni. Yofungatira siisamutsidwa. Imadziwa malo, siidziwa mazira. Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Ikaswa, muisamutse, kaya muipatse ofesi, zanu zimenezo."

Tsoka ilo, Lachinayi lomwelo linali tsiku la mai Esnat lokatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi ku Makwasa. Ananyamuka m'mamawa, kunja kukuwaza kamvula kozizira. A Winston anadikira kuti akhote pa nthochi, nalowa m'khitchini. Thadzi linawajompha kawiri padzanja, iwo anati zimenezo n'zachizolowezi, palibe wantchito amene amasekerera kusamutsidwa. Mazira anawanyamulira m'chipewa, nawalemba manambala ndi pensulo, nawayala pa udzu watsopano m'khola muja. Anaponyamo thadzi n'kukhoma loko.

Thadzi silinakhale. Linayang'ana mazira a manambala aja ngati a mlendo, n'kuyamba kuzungulira, kukuwa, kulowetsa mutu m'mipata ya mitengo. Awiri linawaponda. Mphepo inkalowa pansi pa khola n'kutulukira pamwamba, monga mmene kapepala kanafunira, kuti nkhuku zizipuma mpweya wabwino.

Alangizi amene anati afika eiti koloko anafika fili koloko. Anali awiri, nsapato zosayenera matope. Mmodzi anajambula khola, wina anajambula a Winston ataima pambali pa khola atavala tisheti. Anati ichi ndi chitsanzo kwa mudzi wonse. M'katimo sanasuzumiremo, poti kunali utitiri, komanso galimoto inali ikudikira.

Atapita, a Winston anatsekula kuti athiremo madeya. Thadzi linawauluka pamutu, liwiro mpaka m'khitchini, n'kukakhala m'dengu muja mopanda kanthu, mapiko tambasu, kufungatira mphepo.

Mai Esnat atafika sanafunse zambiri. Anaona dengu, anaona khola, anagwira dzira limodzi n'kuliika patsaya. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anatola asanu ndi anayi otsalawo, nawabwezera pansi pa thadzi. Tsiku la makumi awiri ndi limodzi linafika n'kudutsa. Anadikiranso masiku atatu, chifukwa munthu sataya msanga. Kenaka anatenga dzira lililonse n'kuligwedeza pakhutu. Onse ankangomveka madzi. Anali atasukusa.

"Vuto ndi nkhukuyi," anatero a Winston, ataima patali chifukwa cha fungo. "Siimva malangizo. Ndilemba lipoti kuti bungwe lidziwe."

"Lembani. Mulembenso kuti mazira anafa ali ndi manambala."

M'mawa mwake mai Esnat anamanga thadzi miyendo ndi luzi, nalikulunga m'chitenje, mutu wokha uli kunja. Ananyamulanso kachikwama ka zovala.

"Ulendo wa kuti?"

"Kwa achemwali anga, a Victoria, ku Makwasa. Tambala aliko, dengu liliko, komiti kulibe."

"Nkhuku ndiye ipite. Nanga inu?"

"Ndikukaiyang'anira. Mwandiphunzitsa ndinu kuti ntchito imafuna kapitawo."

"Mubwera liti?"

"Anapiye akamera nthenga."

Pakhomo panatsala amuna awiri. Tambala analira masiku awiri pamwamba pa khola latsopano lija, n'kuona kuti palibe womumvera, nasamukira kwa a Douglas, oyandikana nawo, amene anali atagula misoti itatu. A Winston analembera a Douglas kalata m'dzina la komiti, yopempha kuti tambalayo abwezedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri. A Douglas anayankha pakamwa, ali kuseri kwa mpanda, kuti iwo tambala sanamuitane, ndipo wapampando ali ndi ufulu wobwera kudzamugwira yekha ngati miyendo ikulola.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Thadzi linaikiranso ku Makwasa, linafungatira popanda wolisokoneza, linaswa anapiye asanu ndi atatu. Mwezi uliwonse a Winston amatumiza uthenga wofunsa, ndipo yankho limabwera laulemu ndithu, loti anapiye akadali aang'ono, nthenga sizinakwane. Amene anadutsako sabata yatha akuti atatu mwa anapiyewo ayamba kale kulira m'mamawa.