Mayi Lyness ndi Mbale ya Chiwindi

Mayi Lyness anabadwira ku Ntcheu, koma anakalambira ku Mpamba. Anabwera ali mtsikana, kutsatira bambo awo amene ankagwira ntchito m'munda wa labala, ndipo anakwatiwa ndi a Amon, msodzi wa ku Chintheche. Chitonga anachiphunzirira m'nyimbo za amayi a Umanyano, gulu la amayi a ku tchalitchi, ndipo pa maliro kapena pa matenda sankasowa.

Mayesero awo anadza m'ma 1970. A Amon anatupa mimba, maso achikasu. Dokotala anati chiwindi chawo chawonongeka, chadzaza ayironi wochokera mu mowa wofululira m'migolo yachitsulo.

"Impso nazo zikadzafooka, makina otsuka magazi kuno kulibe, mayi," anatero dokotalayo. "Chiwindi, nyama yofiira, mapilitsi owonjezera magazi, asalawe. Mphika wachitsulo muuleke."

Mphikawo, mphatso ya mayi awo, Mayi Lyness anaupereka ku tchalitchi, nayamba kuphikira wadothi. Chimene amuna awo analetsedwa, iwonso anasiya kudya.

Koma abale, anthufe! Kuno wodwala timamupatsa chiwindi kuti magazi abwerere. Pa ukwati wa mwana wawo Isaac panaphedwa mbuzi, ndipo a Sellina, mlongo wa a Amon, anaika chiwindi chootcha pamaso pa wodwalayo. Mayi Lyness anagwada, nachotsa mbaleyo anthu onse akuona.

"Alamu, nkhanza zanji zimenezi?" anakuwa a Sellina. "Mukufuna mlongo wanga afe ndi nkhuli pa ukwati wa mwana wake?"

"Ndikufuna adzaone mdzukulu," anayankha chapansipansi.

A Amon anakwiya, osawalankhula akazi awo. Kotsuka mbale kunyanja amayi ankanong'onezana kuti mkazi wa ku Ntcheuyu ndi wouma mtima. Mayi Lyness zinawawawa zedi, ankalira okha kuseri, koma sanadziteteze. Ankangoti, "Mulungu amaona mumphika."

Mdzukulu anabadwa, anakwawa, mpaka anayamba sukulu agogo ake aamuna akadali moyo. Pomwalira, a Amon anagwira dzanja la akazi awo. "Amake Isaac, mbale ija. Zikomo."

Mayi Lyness anatsatira atakalamba, Lamulungu lina atachokera kopemphera. Anangogona pamphasa, nyimbo ili pakamwa. Ndiwo za pa maliro awo zinaphikidwa mu mphika wachitsulo uja. A Sellina anadzuka ndi ndodo yawo.

"Ine ndinamutukwana mlamu wangayu. Koma ana inu, ndikadzadwala, mudzandipezere wankhanza ngati ameneyu."