Nsapato Zagolide Zimene Ndinagula pa Foni

Amuna anga ankagulitsa nsapato pamsika wa ku Area 23, m'kashopu koyang'anana ndi siteji ya maminibasi. Fizi ya ana athu onse atatu inachokera m'kashopu kameneko. Nsapato zake zinali zakuda ndi zofiirira basi: za ana asukulu, za azibambo zopita nazo kuntchito, ndi zafulati zimene amayi timavalira yunifolomu ya kutchalitchi. Ankakaoda okha kumalire a Tanzania, ulendo wa masiku atatu, n'kubwerako mapazi atatupa.

Ndinene zoona, munthuyo sanali womenya. Zaka zonsezi sanandikwezerepo dzanja. Koma anali ndi mkwiyo wina woposa mbama: akakukwiyira ankangokufufuta. Mlongo wawo weniweni, wa bere limodzi, anagulira ana ake nsapato za sukulu kwa mtsikana wina wogulitsa pa foni. Amuna anga atamva, sanamulankhule chaka chathunthu ndi miyezi. Akakumana pamaliro ankamupatsa moni wa dzanja ngati munthu wongomuonera m'basi, mlamu wangayo n'kumalira kuseri kwa nyumba. Amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Amene ananena mwambi umenewo sanakwatiwepo ndi amuna anga. Ine ndinkaopa.

Nkhani ya ogulitsa pa foni inali nyimbo ya tsiku ndi tsiku pakhomo pathu. Akangovula nsapato madzulo, yayamba.

"Mayi, tandiuzani," ankatero. "Ine ndimalipira msonkho kumalire. Ndikafika kuno ndilipire lendi, ndilipire chiphaso cha bizinesi, tsiku lililonse tikiti ya msika. Kamtsikana kali gone pabedi kwa makolo ake, kajambula nsapato, kaponya pa foni, kagulitsa. Kalipira chiyani? Boma likaona ine limaona ng'ombe yamkaka. Iwowa silikuwaona? Sindikunena kuti awaletse ayi. Awakhometse msonkho ngati ine, kenako tione amene amadziwa nsapato."

"Zoonadi, Bambo," ndinkayankha choncho, foni ili m'thumba mwanga, yodzaza ndi zithunzi za katundu wa anthu omwewo.

Inde, ine ndinali kasitomala wawo. Zinayamba ndi kachikwama kamodzi. Mnzanga wa kutchalitchi anandilowetsa pagulu lina la pa foni, kumene mtsikana wina ankaika zithunzi m'mawa uliwonse. Ukadzuka, usanasukusule n'komwe, wapeza madiresi, mawigi, makatani, mapoto owala ngati kalilole. Pansi pake alemba kuti zatsala ziwiri. Mawu akuti zatsala ziwiri amenewo ankandichititsa misala. Ndalama za geni yanga ya mandasi zinkathera kumeneko. Zina zikafika zinali chikomekome cha mkuyu, diresi lokongola pachithunzi koma loonekera mkati ngati neti ya udzudzu. Koma mawa lake ndayang'ananso.

Ndinali ndi machenjera anga. Katundu ndinkakalandirira kutali, ku Biwi, n'kung'amba mapepala ake onse, kufika kunyumba n'kunena kuti ndatola pa kaunjika. Ndinadziikiranso malire: chilichonse ndigula, koma nsapato ayi. Ndinkadziuza kuti bola malire amenewo ndisadumphe, sindinawalakwire amuna anga.

Kenako kunabwera chinkhoswe cha mwana wa mkulu wanga. Akomiti, anthu osowa chochita aja, anagamula kuti amayi onse a kuchikazi tivale chitenje chimodzi ndi nsapato zagolide zokhala ndi chidendene. Ine ndinali mayi wamng'ono wa mwanayo, wokhala kutsogolo penipeni. Ndikanapita ndi zakuda zafulati, chithunzi chilichonse chikanandinena.

Ndinayesa kaye njira yabwino. "Bambo, kodi zagolide simubweretsako ulendo uno?"

"Zagolide avala ndani? Ndi nsapato za tsiku limodzi zimenezo. Tengani zakuda, mupukute bwino."

Nkhani inathera pomwepo. Patapita masiku awiri, mtsikana uja anaika zagolide pagulu, saizi yanga yeniyeni. Ndinatumiza ndalama nthawi yomweyo.

Chinkhoswe chinali Loweruka, ndipo ine sabata imeneyo ndinali wotanganidwa moti ku Biwi sindikanafika. Tinagwirizana kuti wa kabaza abweretse Lachitatu m'mawa, tikumane pachigayo cha kufupi ndi kwathu, akafika aimbe.

"Nanga foni ikapanda kugwira, Amayi?" anafunsa mtsikanayo.

Kwathu kulibe manambala a nyumba. Munthu amapezeka ndi chigayo, ndi mtengo wa mango, ndi dzina la ntchito ya mwamuna wake. Ndiye ine, chitsiru cha mzimayi, ndinayankha mmene ndakhala ndikuyankhira moyo wanga wonse: "Akangofunsa kuti kwa abambo a nsapato, palibe amene satidziwa." Ndinanena monyadira ndithu.

Lachitatu linafika magetsi atazima kuyambira dzulo lake. Foni yanga inafa m'mamawa. Ndinakaisiya kwa aneba amene ali ndi sola, ine n'kupita kukaima pachigayo. Chigayocho chinali zii, amayi atangokhala pamatumba awo a chimanga kudikira magetsi. Ndinaima ola lathunthu, njinga yamoto iliyonse ikadutsa mtima kuti phaa. Kenako mvula inayamba kudontha, ndipo ndinakumbukira zovala zimene ndinayanika. Ndinathamangira kunyumba kukanula. Mvula inalimba, ine n'kukhala m'nyumba kudikira kuti ikate.

Itakata ndinakatenga foni kwa aneba n'kuiyatsa. Munali uthenga wa mtsikana uja: "Amayi, simumapezeka. Katundu wanu talandiritsa kwa amuna anu ku shopu."

Ndinawerenga katatu. Anebawo anafunsa ngati kwachitika maliro, ine ndinangopukusa mutu n'kutuluka.

Kuchokera kwathu kukafika kumsika ndi mtunda waufupi, koma tsiku limenelo sindidziwa kuti ndinauyenda bwanji. Podutsa pachigayo, mayi wina anandikuwira mosangalala: "Amayi, munthu wanu wa kabaza anabwera. Tamulozera ku shopu kwa abambo kuti asavutike ndi matope."

"Mwachita bwino," ndinatero, mumtima ndikufuna kumuluma.

Njira yonse ndinkapeka mabodza. Ndinena kuti ndi za mkulu wanga. Koma saizi ndi yanga, ndipo munthu amene wagulitsa nsapato moyo wake wonse sangaiwale phazi la mkazi wake. Ndinena kuti wa kabaza wasokera. Koma dzina langa lili pabokosi. Ndinaganiza zokwera minibasi kupita ku Kawale kwa ankhoswe, kuti akayambe ndiwo kulankhula. Ndinaganiza za mlamu wanga akulira kuseri kwa nyumba ya maliro. Iye anali ndi nyumba yake yobwererako. Ine ndikafufutidwa, ndidzakhala m'nyumba imodzi ndi munthu wosandiona, kumuikira madzi osamba, kumupatsa chakudya, iye n'kumayang'ana khoma. Kumudzi kwathu ku Dowa ndilibe ngakhale kachisakasa.

Moyandikana ndi shopu yathu munali telala wina wa ku Mangochi, bambo wachikulire wokonda nthabwala. Masiku onse ankandilonjera ndili patali. Tsiku limenelo anangoimitsa makina, n'kuweramitsa mutu ngati akufuna singano pansi. Ndinadziwa kuti msika wonse waona. Thumba limene munali bokosilo linali pakhomo, lofiira, nambala ya foni ya mtsikana uja italembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Amuna anga anali atakhala pabenchi imene makasitomala amayesera nsapato. Bokosi linali pamiyendo, nsapato imodzi ili m'manja. Ankaipinda, kukanda pansi pake ndi chikhadabo, kununkhiza guluu, mmene amachitira akamaoda. Ndinagwada pakhomo pomwepo, pamatope amene anthu analowa nawo.

"Bambo, ndalakwa."

"Dzukani, Mayi, anthu akuona." Sanandiyang'ane. "Wa kabaza ndamulipira kale. Mwagula zingati?"

Sindinadziwe kuti bodza lopulumutsa ndi liti, kukweza kapena kutsitsa. Ndinanena mtengo weniweni.

"Peyala yonse?"

"Eya."

Ine ndinkadikira mphezi, mapewa nditakweza.

"Mtundu womwewu ndinauona kooda mwezi watha," anatero pang'onopang'ono. "Ndinausiya chifukwa cha kudula. Mtengo wa kumeneko, ndisanalipire msonkho, ndisanakwere basi, unali woposa umene mwagulirawu." Anaipindanso nsapato ija. "Ndakhala pano kuyambira mvula isanakate, kufuna kuti ndiipeze ndi vuto. Ilibe. Ndi nsapato yabwino."

Mawu amenewo anandiopsa kuposa kukalipa. Ndikanakonda akanaiponya kumsewu.

"Tandionetsani foniyo."

Ndinawapatsa ndi manja awiri. Sankadziwa kuyendetsa zithunzi, ndiye ndinachita kuwagwira chala n'kuwasonyeza. Anadutsa madiresi ndi mawigi osaima. Anaima pa nsapato za sukulu, zakuda, zofanana ndi zimene zinali m'mashelefu kumbuyo kwawo, zina fumbi litakhala pamwamba. Anayang'ana mtengo wake nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti pagulupo pali ndani, ndipo ine ndinatsegula mndandanda wa anthu. Anayamba kuwerenga mayina mokweza pang'ono, limodzi limodzi. Aneba athu a sola aja. Amayi a kutchalitchi. Mkazi wa telala wa khomo linalo. Mkazi wa ankhoswe athu a ku Kawale, kumene ndinkafuna kuthawira.

"Onsewa ankagula kwa ine," anatero. "Ndimati mwina ana awo anakula."

Ndinayesa kuwatonthoza ndi mawu awo omwe. "Koma akadzawakhometsa msonkho, Bambo, zinthu zidzasintha."

"Msonkho wake wochuluka bwanji, Mayi, woti ufike apa?" Anandibwezera foni. Anakulunga nsapato ija m'pepala lake bwinobwino, n'kuiika m'bokosi, n'kutseka. "Pitani nazo kunyumba. Musadutse nazo m'matope."

Madzulo anabwera nthawi yake. Ndinali nditakonzekera kukhala osalankhulidwa kwa chaka, koma anandilankhula. Anafunsa ngati magetsi ayaka, anafunsa za galimoto yopita kuchinkhoswe, anayamikira ndiwo. Nkhani ya msonkho sanaitchule, koyamba m'zaka zambiri. Ine ndinkadya ndikuwayang'ana m'mbali, osamvetsa kuti chilango changa chibwera liti.

M'mawa mwake ndinadzuka kukakazinga mandasi monga mwa masiku onse. Amuna anga anali munthu woti sikisi koloko imawapeza akusesa pakhomo pa shopu, kaya kugwe mvula kaya akhale ndi malungo. Dzuwa linakwera, ana a sukulu anadutsa onse, ine n'kumaliza mandasi. Nditazungulira kutsogolo ndinawapeza ali pakhonde, atavala vesiti ndi masilipasi, madzi osamba atazizirira kubafa. Ankangoyang'ana msewu.

Ndinaima ndi beseni m'manja.

"Bambo, simutsegula lero?"

Anandiyang'ana mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Ndikatsegulire ndani, Mayi?"