Nasoni, Mkamwini Amene Anafola Masana

Nasoni anafika m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Kabudula, ali ndi khasu, nkhwangwa ndi malaya awiri. Kwawo ndi ku Nambuma. Anadzakwatira Lucia, mwana wa mlongo wa a Benson, ndipo monga mwa chikamwini anamanga nyumba pabwalo la apongozi ake n'kuyamba kulima munda umene sunali wake. Panthawiyo ine ndinali ndisanapume pa uphunzitsi. M'mawa tinkakumana, iye akutsetserekera kudambo ine ndikukwera kusukulu, ndipo moni wake unali waufupi. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Akaona apongozi ake aakazi akubwera panjira, ankapatukira m'tchire kufikira atadutsa, ngakhale atasenza thumba la feteleza. Anyamata a masiku ano amaseka zimenezo, koma Nasoni sanazisiye.

Pamene tinayamba sikimu ya ulimi wothirira padambo, amene anakumba ngalande yaikulu ndi akamwini. Ndikulemba izi dala, poti ena ayamba kale kuuza ana kuti ndi iwo anakumba. Ine ndinalipo. Nasoni anali m'matope mpaka m'chiuno pamene eni mudzi ankaloza ndi ndodo. Koma lamulo la sikimu linati ovotera komiti ndi obadwira m'mbumba za pamudzi okha, amuna ndi akazi omwe. Mkamwini ndi mlendo. Alime, athirire, akonze ngalande ikagumuka, koma ponena za amene agawe madzi akhale chete. Wapampando kuyambira tsiku loyamba anali a Benson, ndipo ndime yawo inali pamutu pa ngalande. Ya Lucia inali kumchira. Ikafika Okutobala madzi ankafika kumeneko ngati malovu, matimati n'kumafota ali ndi maluwa.

Chaka cha chisankho chachikulu kunabwera gulu la maloya a m'tauni lotchedwa Voti ya Aliyense. Mtsogoleri wawo anali mayi wina, a Sylvia, ndipo womuthandiza anali loya wamng'onopo, a Steve. Anaimika galimoto loyera pabwalo la sukulu, anagawa matisheti, n'kulalikira kuti munthu aliyense wamkulu avote: akaidi, odwala m'zipatala, matenanti a m'maesiteti, onse. Ine magulu otere ndawaona ambiri, ndipo onse amabwera chisankho chikayandikira. Ndinaimirira n'kufunsa kuti mafuta a galimotolo amagula ndani. A Sylvia anati ndi abwenzi akufuna kwabwino. Ndinati abwenziwo alibe mayina kodi? Anthu anaseka, a Steve anandiuza kuti funso langa ndi labwino kwambiri, ndipo sanaliyankhe. Mpaka lero sindinayankhidwe.

Kenaka Nasoni anakweza dzanja. Anthu anatembenuka, poti palibe amene anamumvapo akulankhula pagulu.

“Pepani, a loya. Aliyenseyo, kodi tilimo ndi ife akamwini?”

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Wina kumbuyo anakuwa kuti, “Khala pansi iwe Nasoni! Ukufuna kusankha apongozi ena?”

A Sylvia anadikira phokoso lithe. “Bambo, boma silifunsa kumene munthu wakwatira. Mukalembetsa, muvota.”

“Za bomazo ndimavota kale, mayi. Ine ndikunena za madzi.”

Anafotokoza za sikimu mwachidule, maso ali pansi. Ndinaona nkhope ya a Sylvia ikuwala ngati ya munthu amene watola chinthu panjira, ndipo a Steve anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Kujambulako ine sikunandisangalatse.

Sabata isanathe mudzi wonse unali ndi nkhani. Ena ankati maloya amupatsa Nasoni foni yatsopano. Ena ankati akufuna alembetse dambo lathu m'dzina lawo kuti akaligulitse kwa azungu a mbewu. Ena ankati a Sylvia akufuna uphungu wa dera lino ndipo akamwini ndiwo makwerero awo. Yomalizayi nanenso ndinkaikhulupirira, ndipo sindinaitayiretu. Koma foni ya Nasoni ndinkaidziwa, inali yomwe ija yomanga ndi mphira.

Tsiku lina masana Lucia anabwera pakhonde panga, akuchokera kuchigayo, ufa uli m'tsitsi.

“Aphunzitsi, talankhulani nawoni bambo a Brenda. Inu amakumverani. Kuchigayo akunditcha mkazi wa a loya. Amalume sakundiyankha moni.”

“Nanga zimene ananenazo ndi zabodza?”

“Si zabodza ayi. Koma zoonazo tidzagona momwemo? Nyumba ili pamalo a mayi anga. Iwo akuiwala kuti ndi obwera.”

Ndinalankhula naye Nasoni kudimba. Anandimvetsera akutsira madzi ndi kheni, otunga pachithaphwi chimene anakumba yekha poti m'ngalande munali mouma. Nditatha anati, “Aphunzitsi, ndamva. Koma taonani matimatiwa.”

Maloya anabweranso, ulendo uno kudzakumana ndi komiti. Ananena mwaulemu kuti lamulo lotsekera anthu kunja chifukwa cha kumene anabadwira silingaime kukhoti, ndipo iwo ali okonzeka kukaliyesa kumeneko. Tonse tinkayembekeza mkangano. A Benson anangomwetulira n'kunena kuti, “Palibe vuto, mayi. Akamwini ndi ana athu. Avote.”

Apa m'pamene ndinayamba kukayikira. A Benson ndinaphunzira nawo kalasi imodzi. Ndi munthu amene wakangana nane zaka zosawerengeka chifukwa cha mtengo umodzi wa mango wa m'malire, umene anabzala ndi bambo anga, ndipo mpaka lero mango ake amathyola ndi iwo. Munthu wotere agawe mphamvu ya madzi masana amodzi, akumwetulira? Ndinawatsatira a Steve kugalimoto.

“A loya, kodi mwafunsa kuti kuno timavota bwanji?”

“Atiuza, aphunzitsi. Anthu amafola kumbuyo kwa amene akumufuna.”

“Ndiye mwavomera?”

“Bwanji osavomera? Mzere palibe angaube. Aliyense amawerenga ndi maso ake. Milandu imene timalimbana nayo kukhoti ndi ya mabokosi.”

Ndinawauza kuti ndagwirapo ntchito pa zisankho za boma, ndipo ndikudziwa chifukwa chake munthu amalowa yekha m'kachipinda kuti achonge. Ndinati mkamwini akafola kumbuyo kwa wina, malume a mkazi wake akuona, ndiye kuti waika pachiswe denga lake lomwe. A Steve anandigwira paphewa, chinthu chimene sindichikonda, n'kunena kuti iwo adzakhalapo tsikulo ndipo palibe amene adzaopsezedwe. Ndinafunsa ngati adzakhalaponso tsiku lotsatiralo. Anaseka, n'kukwera galimoto.

Wopikisana ndi a Benson anatulukira mwadzidzidzi. Anali a Gideoni, msuweni wawo, munthu amene zaka zonsezi sanadandaulepo za madzi poti ndime yake inali pakati. Tsopano anayamba kuyendera akamwini m'madimba, kuwalonjeza kuti akapambana madzi azidzayambira kumchira. Kwa Nasoni anafikako kangapo, mpaka kumuthandiza kupalira. Ine sindinaonepo a Gideoni akupalira ndime ya munthu wina.

Chisankho chinachitika Lamulungu, titatuluka Misa. A Benson ndi a Gideoni anaima pakati pa bwalo la sukulu, motalikirana, atatifulatira monga timachitira, ati kuti asaone amene akufola kumbuyo kwawo. Zachibwana. Iwo asaone, nanga akazi awo, alongo awo, adzukulu awo alibe maso? Eni mudzi anafola msanga, ambiri kwa a Benson. Ine ndinapita kwa a Gideoni, osati chifukwa chowakhulupirira, koma poti kumbuyo kwa a Benson sindingaime ngakhale pamzere wa mankhwala. Ine ndine mwana wa mudzi uno. Ndikukhala pamalo a mayi anga ndipo palibe angandichotse.

Akamwini anaunjikana pansi pa mtengo wa kesha, aliyense akudikira mnzake. A Sylvia anawaitana pa chimkuzamawu kuti, “Abambo, tsiku lanu ndi lino, musaope!” Mmodzi ananyamuka n'kukafola kwa a Benson, mutu uli pansi. Ena anamutsatira. Angapo analowera kuzimbudzi za sukulu ndipo anatulukako kuwerenga kutatha. Pansi pa mtengo panatsala Nasoni.

Mzere wa a Benson unali pakati pa iye ndi ife, ndipo mumzeremo munali apongozi ake aakazi, Lucia ali kumbuyo kwawo atadziphimba chitenje kumutu. Kuti afike kwathu molunjika akanadutsa pamaso pawo. Nasoni sakanatero. Analowa m'udzu wa m'mbali mwa bwalo n'kuzungulira bwalo lonse, kuseri kwa magolo a mpira, chisoso chikumumata m'thalauza. Akanangodutsa mwina ena sakanamuona. Koma ulemu wakewo unachititsa kuti mudzi wonse umuperekeze ndi maso kuyambira pamtengo mpaka pamene anaima kumbuyo kwanga. Ndinkamumva akupuma.

“Nasoni, ukadali ndi mpata,” ndinanong'ona.

“Ndafika kale, aphunzitsi.”

A Benson anapambana kutali. Maloya anawomba m'manja, anati lero talemba mbiri, anajambula mizere yonse iwiri, anajambulanso Nasoni atamugwira dzanja. Dzuwa lisanapendeke galimoto loyera linali litapita.

Palibe amene anamuopseza Nasoni, pamenepo a Steve ananena zoona. Mwezi usanathe komiti yatsopano inasankha a Gideoni kukhala otsegula ndi kutseka madzi, ntchito imene aliyense amaisirira, ndipo ndinawaona ndi a Benson pamsika akugawana mang'ina mbale imodzi. Umboni ndilibe. Koma ndidzafa ndikukhulupirira kuti a Gideoni anawaimika ndi a Benson, kuti mzere uwasonyeze mkamwini amene ali ndi mutu wouma.

Kenaka a Benson anaitana ankhoswe. Za voti sanazitchule n'komwe. Mlandu unali wakuti Nasoni wabweretsa alendo m'nkhani za mbumba ndipo wachititsa manyazi apongozi pagulu. Ine ndinakhalapo ngati mboni ya mbali yake, poti abale ake a ku Nambuma anabwera ochepa. Nasoni anapempha chitengwa, kuti ngati pamudzi pano watopetsa, amulole atenge mkazi wake ndi ana apite nawo kwawo.

“Mwana wa mlongo wanga si mbuzi yoti mungoikoka,” anatero a Benson. “Koma mufunseni yekha. Akapita, ndime ibwerera ku mbumba.”

Onse anayang'ana Lucia. Iye anati, “Bambo a Brenda, ku Nambumako ana akadya chiyani? Minda ili ndi alongo anu ndi amuna awo. Inunso kumeneko ndinu mlendo.”

Zinali zoona, ndipo mlandu unagamulidwa kuti Nasoni achoke pamudzi yekha.

Madzulo ake ndinaimbira a Sylvia. Anandimvetsera bwino, sindinama. Anati pepani kwambiri, koma imeneyo ndi nkhani ya banja, gulu lawo limaona za zisankho zokha, ndipo ngati Nasoni akufuna angathe kukadandaula kukhoti. Ndinawafunsa ngati anaonapo munthu akusumira malume a mkazi wake kenaka n'kubwerera kukagona pabwalo lomwelo. Anati akulowa mumsonkhano, adzandiimbira. Foni yanga sinalirebe. Ndamva kuti chithunzi cha Nasoni chili pachikwangwani mu ofesi yawo m'tauni. Amene akuwapatsa mafuta aja ayenera kuti anachikonda.

Nasoni anachoka pangolo ya mnzake, m'mawa anthu akuona. Ku Nambuma sanakhalitse. Tsopano ali pa Nsaru, amagwira ntchito pachigayo cha a Useni ndipo amagona m'kachipinda kakuseri. Ukwati sunathe, koma pamudzi pano saponda. Lucia amapita tsiku la msika ndi dengu la matimati, poti chichokereni mwamuna wake madzi amafika kumchira pa nthawi yake, ndipo a Benson amaonetsetsa kuti aliyense wadziwa zimenezo. Akagulitsa amakhala awiriwo pabenchi kuseri kwa chigayo, kugawana chinangwa chophika ngati anthu amene angoyamba chibwenzi.

Mwezi wathawu a Benson anatuma uthenga kudzera mwa Lucia. Ati Nasoni angathe kubwerera kunyumba kwake, bola adzagwade pamaso pa mbumba n'kunena kuti maloya anamunamiza. Lucia anandipempha kuti ndipite naye ku Nsaru ndikamuthandize kuchonderera. Ndinapita, ndipo ndinachondereradi. Ndinati maloyawo sakumuganizira, awanamizire basi, mawu okha sapha munthu, ana akumusowa.

Nasoni anasasa ufa m'manja, n'kuyang'ana mkazi wake.

“Amake Brenda, kubwera ndikufuna. Kugwada ndigwada, ndagwadira apongozi zaka zonsezi. Koma sanandinamize anthu aja. Ndinakweza dzanja ndekha.”

Lucia analira pang'ono, kenaka anamufunsa ngati bulangete limene anamubweretsera likumukwanira. Mayi wina anafika ndi thumba la chimanga, a Useni anaitana, Nasoni n'kukaliza injini. Ife tinakwera kabaza kubwerera kumudzi, dengu lili lopanda kanthu.