Pichesi wa a Hilário ku Chidzolomondo

A Hilário anabadwira ku Tsangano, kumtunda kwenikweni, kumene munthu akayankhula m'mawa wa Junyu pakamwa pamatuluka utsi ngati wasuta. Nkhondo itawathamangitsira ku Malawi anakumana ndi a Lestina pamzere wolandira ufa, ndipo pobwerera mtima unawakokera ku Chidzolomondo, kwawo kwa mkazi, kukakhala chikamwini. Kumtunda anapitanso kamodzi kokha, pamaliro a mayi awo. Anabwerako ndi kazako, jekete yaubweya ya malemu, ndi njere zitatu za pichesi wapakhomo. Inamera imodzi.

Mtengo unakula, masamba ati bii, koma kubala ayi. Timaluwa tiwiri titatu, n'kuyoyoka. Zaka khumi ndi ziwiri!

Mkuluyu dziko analigawa yekha, popanda buku. Amati pansi penipeni, ku Tete, ndi dziko la malambe, kumene ngakhale mbuzi imapempha mthunzi. Ukakwerako pang'ono ndi la mango, ndiye kuno. Ukaona mango ayamba manyazi, maluwa mbwee koma osabala, dziwa kuti wayandikira kwa anthu. Pamwamba pa zonse Tsangano: tirigu, kachewere, mabulangeti atatu, chisanu chitayera paudzu ngati wina wamwaza mchere. Akafika pamenepo mawu ankawachepera, maso ali kum'mawa.

"Nanga kwa ife osakhala anthu kuno mukufunako chiyani?" ankawafunsa alamu awo.

"Anandigwira ndi awa," ankayankha, akuloza a Lestina ndi mlomo.

Chaka chatha chigafa cha fodya chinagwa, ndipo mphanda zowongoka masiku ano mumazidziwa kusowa kwake. A Lestina anaima pansi pa pichesi, manja m'chiuno.

"Atate ake a Eluby, mlendo wanuyu wadya manyowa a mbuzi zanga mokwanira. Chaka chino akapanda kubala, alowa m'chigafa."

A Hilário sanaseke. Mlongo wawo, a Albina, amene anatsala ku Tsangano, anali atawauza kale kuti pichesi wa mayi kumtunda anauma. Wotsala anali yekhayu.

Ndiye taonani nzeru za munthu wosowa kwawo. Anakwera njinga yamoto mpaka ku Furancungo, n'kukagula jelu, madzi oundana aja oziziritsira zakumwa m'mabaraka. Anamukwirira mu utuchi, m'thumba. Pofika kunyumba theka linali litathera m'thalauzi. Lotsalalo analiyala patsinde, n'kufunditsa kazako ya malemu. Anapita katatu. Nkhuku za a Lestina sizinamwepo madzi okoma chotero chibadwire.

Ulendo wachitatuwo anawapeza Nélia, mtsikana wa zaulimi amene amayendera alimi pa njinga yamoto. Anaseka mpaka kugwira mtengo womwewo.

"Agogo, mtengo sumva kuzizira kumapazi. Umamva m'timaso ta nthambi, ndipo umafuna masabata ambiri, osati m'mawa umodzi." Anatulutsa telefoni. "Pano tili mametru novesentu, mazana asanu ndi anayi, pamwamba pa nyanja yamchere. Kwanu kuja ndi mil e kinyentu, chikwi ndi mazana asanu, kwina kupitirira. Mametru zana alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika theka la grau, digiri ija, ndi pang'ono. Kusiyanako simungakunyamule m'thumba."

A Hilário anakondwera nazo zimenezo. "Ndiye mabuku anu akuvomereza kuti Tsangano ndiye mapeto a kuzizira?"

"Ayi, agogo. Ife timati ndi dziko lotentha limene langokwera phiri. Nyengo ya phiri yeniyeni imayambira pamene mitengo yalekera kumera, kumene ngakhale mwezi wotentha kwambiri sufika magrau khumi. Kwanu mitengo imamera?"

"Imamera."

"Ndiye simunafike."

"Iwe mwana, dziko lopanda mtengo nkhuni amatola kuti? Anakunamizani kusukuluko."

Anakwiya masiku awiri. Koma Nélia asanachoke anawaonetsa chinthu china: kudula kanthambi, kukasema ngati mpeni, kukalowetsa mumtengo wina n'kumanga ndi mphira. Kumezanitsa.

Mu Julyu anadula tinthambi tisanu, n'kutikulunga m'nsalu yonyowa. A Lestina anawaikira mbatata yootcha m'thumba. Shapa, minibasi yopita ku Tsangano, itadutsa mango omaliza, mkuluyu anatsegula zenera, anthu onse akudandaula, iye pakamwa yasa, kumeza mphepo.

A Albina anali ndi kapichesi kena kakang'ono kuseri kwa khola. A Hilário anamezanitsa pamenepo. Anali atanena kuti akhala mwezi wathunthu, mwina osabweranso. Tsiku loyamba anayenda m'minda ya tirigu, kuitana anthu maina a makolo awo. Lachiwiri mawondo anakana. Lachitatu chifuwa chinayamba kulira ngati chitseko, ndipo anapempha bulangeti lachinayi.

"Achimwene," anatero a Albina, akuwasonkhezera moto, "mwasanduka munthu wa mango."

Lachisanu anakwera shapa yotsika, zenera atatseka okha.

Pichesi wa ku Chidzolomondo sanabale. Mu Outubru a Hilário anakana kuti wina augwire, anaudula ndi nkhwangwa yawo, n'kuuimika ngati mphanda pakona yakum'mawa ya chigafa. Sabata lomwelo a Albina anaimba telefoni: pa tinthambi tisanu kagwira kamodzi, katulutsa masamba, ndipo mu Setembru kanaonetsa timaluwa titatu tofiirira. Kwa alamu awo a Hilário amanena kuti khumi.

Junyu uno ukadzuka m'mamawa uwapeza atatsamira mphanda ija, kazako ili paphewa, akupumira m'mwamba pang'onopang'ono kuti aone ngati patuluke utsi. A Lestina amawayang'ana ali pakhomo, amawasiya ayese kachitatu, kenako amawaitana kuti mbuzi zikudikira.