Thaulo la a Piti ndi Ng'oma ya Abambo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene lesitilanti yomwe ndinkaphikako ku Area 2 inatsekedwa. Tinalawirira monga mwa masiku onse n'kupeza loko pachitseko, mwini wake atasamuka osatsanzika. Ndinakhala pakhonde la sitolo yoyandikana nayo mpaka dzuwa linafika paliwombo, ndikuonerera maminibasi akulimbirana anthu. Pofika kunyumba ndinali nditamanga kale mfundo. Mkazi wanga Felesiya analira pang'ono, kenaka n'kuyamba kundichapira malaya.

M'mawa mwake ndinapita kukatsanzika abambo. Iwo amagwira ntchito yosamala maluwa ku Area 43, kunyumba kwa a Gondwe, bwana wa m'boma wochokera ku Rumphi, amenenso ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Abambo amagona m'nyumba ya antchito kuseri, ndipo Lachisanu amakwera kupita kumudzi kwathu cha ku Nathenje. Abambowo ndi a gule. Osati ongoonerera ayi. Ndi oimba mbalule, ng'oma imene imalankhulana ndi wovina pabwalo, ndipo mkulu akamwalira m'midzi yozungulira uthenga umawapeza ngakhale ali pakati pothirira kapinga. Ine ndinabatizidwa ndili kusukulu, ndinali wa kwaya, ndipo nkhani ya ng'omayi inkandichititsa manyazi kwabasi.

Ndinawapeza akudulira mpanda wa maluwa. Atamva za ulendo anangogwedeza mutu.

"Ababa," ndinatero, "pobwera ndidzakupezeni muli mkhristu."

Anaseka mpaka anatula chisizasi pansi. "Iwe Laisoni, pobwera udzangondipeza ndili moyo. Zinazo tidzakambirana."

Ife aliyense wopita kumwera timati wapita ku Joni, koma ine ndinakathera ku Kepitauni. Miyezi yoyamba sindifuna n'komwe kuikumbukira. Tinkagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi, maganyu osaoneka, mphepo yozizira yolowa mpaka m'mafupa. Felesiya akatumiza uthenga wa mawu pafoni ndinkaumvera kanayi, kasanu, osati chifukwa cha nkhani yake, koma kuti ndimve tambala wa aneba akulira chapatali. Ndinkamunamiza kuti zinthu zikuyenda. Iye ankandinamizanso kuti ana sakudandaula.

Mwayi unabwera kudzera mwa mnzanga wa kutchalitchi. Mayi wina wachizungu ankafuna munthu wosamala bambo ake, a Piti, nkhalamba imene inafa ziwalo mbali imodzi. Ntchito yanga inali kuwaphikira, kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwayendetsa panjinga ya olumala m'mbali mwa msewu. A Piti anali munthu wanthabwala, wokonda tiyi wopanda shuga ndi mikangano. Sankapemphera. Ankanena poyera kuti kumwamba kulibe wina aliyense, ndipo ine ndikamva zimenezo tsitsi linkandiima. Ndinaona kuti Mulungu wandipatsa ntchito ziwiri pamalipiro amodzi.

Ndiye ndinayamba kuwapempherera. Nthawi yabwino ndinaona kuti ndi ya kubafa, poti pamenepo ankakhala phee. Ndikatha kuwasambitsa, ndisanawatulutse m'madzi, ndinkawasanjika dzanja pamutu n'kupemphera mokweza, Chizungu ndi Chichewa chosakaniza, thaulo lili paphewa panga. Masiku angapo sananene kanthu, ndipo ine ndinkati mbewu ikumera. Tsiku lina nditangoti ameni, anandiyang'ana, madzi atazizira kale, milomo ikunjenjemera.

"Laisoni, ndikufunse. Ukamapemphera utagwira thaulo langa, ine ndingakane?"

Ndinayankha kuti pemphero silipweteka munthu.

"Sindinati likundipweteka. Ndati, ndingakane? Ndili maliseche, sindingadzuke ndekha, thaulo lili ndi iwe. Uzindifunsa nditavala, ndili pampando wanga. Mwina ndidzavomera, mwina ndidzakana."

Ndinapsa mtima zedi. Ndinawapukuta ngati ndikupukuta mbale. Madzulo ake ndinauza anzanga kuti azungu atayika, munthu ukawafunira zabwino amati ukuwakakamiza. Kwathu timapemphera paliponse, m'basi, m'chipatala, pamsonkhano wa mpira, ndipo palibe amadandaula. Ndinasiya kuwapempherera kubafa chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito, osati chifukwa chomvetsa. Chodabwitsa n'chakuti nyimbo ankazikonda. Ndikamasita zovala ndikuimba za m'buku lathu, ankakuwa ali kuchipinda kuti ndikweze mawu. Ndinkangoti nkhalambayi mutu wake sukoka.

Lero ndili ndi kakantini kanga pafupi ndi maofesi a ku City Centre, ndimagulitsa mpunga ndi nkhuku kwa anthu a mataye. Pakhoma pali vesi, ndipo pophika ndimaimba monga kale. Amene akufuna amamvera, amene sakufuna amadya n'kumapita. Nthawi zina ndikamapukuta manja ndimaseka ndekha, kuti munthu ndinamva mawu a Piti aja, omveka bwino chotere, m'Chizungu chosavuta, koma anandilowa patatha zaka zitatu.

Pakuti mwezi womwewo wa nkhani ya thaulo, Felesiya ananditumizira uthenga kuti bondo la abambo latupa, akuyenda motsimphina. Kuchipatala anati pakufunika mankhwala a mwezi ndi mwezi, ogula. Ine ndinali nditayamba kulandira bwino, ndiye ndinatumiza msanga. Mwezi wachiwiri ndinatumizanso. Wachitatu ndinaganiza kuti apa ndiye khomo latseguka. Ndinajambula uthenga wautali, wa mawu, woti Felesiya akawamvetsere abambo. Ndinati sindingamakhetse thukuta kudziko la eni kuti ndichiritse mwendo wokayimba ng'oma kudambwe. Ngati akufuna ndipitirize kuwathandiza, alowe kalasi kutchalitchi, ndipo mbalule ija itenthedwe.

Yankho lawo linali lalifupi. Anakhosomola kaye, kenaka anati, "Ndamva, mwana wanga."

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndinkalandira chithunzi: abambo atavala jekete imene ndinawatumizira, buku la katekisimu m'manja, ataima pakhomo la tchalitchi. Felesiya anati za ng'oma ndisadandaule, zinatheka. Ndinasangalala kosaneneka. Zithunzizo ndinazionetsa mpingo wonse ku Kepitauni, ndinaimirira kutsogolo kupereka umboni, amayi n'kululutira. Ndinawaonetsanso a Piti. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kungoti, "Jekete yabwino." Sindinawauze mmene jeketeyo inafikira pakhomo la tchalitchi.

A Piti anamwalira chaka changa chachinayi, masana, ali pampando wawo. Sabata yomaliza ankandipempha kuti ndiziimba ndili pafupi. Za pemphero sanapemphe, ndipo ine sindinayerekeze. Ndinawalira kuposa mmene ndinkaganizira. Mwana wawo anandipatsa kangachepe kondithokoza, ndipo nditaphatikiza ndi zimene ndinasunga ndinaona kuti zandikwana. Ndinali nditatopa kulera ana pafoni.

Nditafika ku Lilongwe, chinthu choyamba kufunsa, chikwama chisanalowe m'nyumba, chinali tsiku la ubatizo wa abambo. Felesiya anayamba kukonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzakonza kale. Pomaliza anaulula kuti anzawo onse a m'kalasi anabatizidwa kalekale, koma a Gondwe sanapereke dzina la abambo kwa abusa, kawiri konse.

Loweruka m'mawa ndinali pageti ku Area 43. Ndinkati bwanayu akunyoza abambo chifukwa ndi wantchito wake, sakufuna kudya nawo mgonero patebulo limodzi. Mawu ndinali nditakonza njira yonse. A Gondwe ananditsegulira okha, atavala kabudula, payipi ya madzi ili m'manja.

"A Laisoni, mwafika! Yewo, yewo. Nkhope imeneyo ndiye yabwera ndi mlandu."

Ndinakhuthula zonse. Anandisiya mpaka ndinatha mpweya.

"Bambo anu mayankho onse amawadziwa," anatero. "Amaposa ana a sekondale. Koma ine ndinawatengera pambali, ndinati, a Phiri, inuyo mukufuna kubatizidwa? Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, bwana, bondo ndi limene likufuna. Ndiye a Laisoni, ndipite kwa abusa ndikawauze kuti abatize bondo?"

Iwo anatseka madzi n'kundikodola kuti ndiwatsate kugalaja. Kuseri kwa makina otchetchera kapinga kunali chinthu chokulungidwa m'thumba la feteleza. Sindinafunike kuuzidwa kuti inali mbalule ija. Felesiya analephera kuitentha, abambo anaopa kuisiya kumudzi kuti ndingatume wina wokaitentha, ndiye anabwera nayo paminibasi n'kupempha bwana wawo malo.

"Inu akulu ampingo, kusunga chinthu chimenechi?" ndinafunsa.

"Sindinaigwirepo, ndipo sindigwirizana nazo za kudambwe. Bambo anu akudziwa, tinakambirana kangapo iwo atandifunsa. Ndimawapempherera tsiku lililonse, mwina ndimafuna atatembenuka kuposa inu. Koma onani, ine ndi amene ndimawalipira. Ndikati tiyeni kumapemphero, angakane bwanji? N'chifukwa chake ndinawauza kamodzi kokha, chaka choyamba, kuti madzulo timapemphera pabalaza, chitseko n'chotsegula, ntchito yanu sikukhudzidwa. Nthawi zina amabwera. Nthawi zambiri sabwera."

Pamenepo ndinamva fungo la sopo wa a Piti ngati ndili m'bafa muja. Ndinaona thaulo paphewa panga. Manyazi amene ndinachita m'galaja mmenemo sindinawachitepo chibadwire.

Ndinanyamula thumbalo kupita nalo kuseri. Abambo sabata imeneyo sanapite kumudzi, poti mawa lake kunali kalasi. Anali pampando panja pa nyumba yawo, mwendo atautambasula pachitini. Anali atakalamba kuposa pazithunzi. Tinapatsana moni, anafunsa za ulendo, za mphepo ya kumeneko, maso awo ali pathumba. Ndinalitula pamapazi awo.

"Ababa, katundu wanu uyu. Mankhwala ndizigula mwezi uliwonse, kaya mupita kukalasi kaya simupita. Ndinalakwa."

Analikokera pafupi. Anamasula thumbalo pang'onopang'ono, n'kusisita chikopa ndi chikhatho.

"Chaka chatha anamwalira a Chimbalanga," anatero. Amenewa anali mnzawo wa ubwana, amene analowa naye kudambwe tsiku limodzi. "Tinapangana kalekale kuti wotsala adzamuimbira mnzake. Ndinapita pamaliro nditavala jekete yako. Ndinakhala pansi manja ali pamaondo, wina akuimba mbalule ngati akuphwanya nkhuni. Anthu ankangondiyang'ana."

Mawu awo sanali okalipa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandilasa kwambiri. Ndinalira pamaso pawo, munthu wamkulu wa ana atatu. Zaka zonsezo ndinkawerengera Malamulungu amene abambo anapita kutchalitchi, osadziwa kuti iwo akuwerengera maliro amene anakhala chete.

Chikhulupiriro changa sichinasinthe. Mpaka lero ndimalakalaka abambo atabatizidwa, ndipo iwo akudziwa. Kalasi anasiya sabata yomweyo. Kwaya yathu ikamaimba pa Khirisimasi amabwera okha, amakhala benchi lakumbuyo, kenaka amandiuza kuti woimba ng'oma wathu manja ake ngolemera. Ine ndikadali wa kwaya, iwo akadali a mbalule, ndipo Lachisanu ndimawapatsira nkhuku ya kukantini popita kumudzi. Sindinakhalepo pamtendere ndi abambo anga ngati mmene ndilili pano.

Koma tsiku lija, misozi itauma, panali chinthu chimodzi chimene ndinkafunabe. Ndinayang'ana bondo lotupalo. Abambo anali atavala, ali pampando wawo, ng'oma yawo ili pambali.

"Ababa, ndingakupempherereni? Mukhoza kukana."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuona mlendo.

"Chibatizidwire chako, lero ndi koyamba kundifunsa." Kenaka anakwinya thalauzi mpaka pamwamba pa bondo. "Pempherera bondo lokhali. Zinazo uzisiye."

Ndinagwada pasimenti n'kupempherera bondo lokha. Linali pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Nditatsegula maso ndinapeza abambo atatsinzinabe, dzanja limodzi lili pang'oma, lina lili pamutu panga.