Nyali za Bambo a Hafsa

Mai Hafsa, dzina lawo Zulekha, amagulitsa pamsika wa Huruyadzo. Anabadwira m'dera lomwelo la St Mary's, ndipo nyanja yamchere anali asanaionepo ngakhale kuti chakudya cha pakhomo pawo chinkachokera komweko. Amuna awo, a Imrani, ankasamalira nyali zolondolera zombo padoko lina laling'ono ku Mozambique. Kunyumba ankabwera pa Idi pokha, mwinanso kukagwa maliro.

"Nyali sizisiyidwa," ankatero.

Mai Hafsa ankavomera, mpaka tsiku lina Tabitha, mnzawo wa tebulo loyandikana, analankhula uku akusenda nzimbe.

"Nhai vasikana, anzanga inu, nyali za masiku ano si za sola? Zimayaka zokha. Nanga amuna anuwo amazigwirira m'manja?"

Mawuwo anawakhala pamtima. Anayamba kutchera khutu akamalankhula ndi amuna awo pafoni. Tsiku lina anamva mbale zikugundana, tsiku lina wina anatsokomola, ndipo chifuwacho sichinali cha mwamuna. Sanafunse. Anasiya Hafsa kwa azakhali ake ku Zengeza 3, n'kukwera basi osawauza amuna awo.

Anawapeza masana ali m'matope olekeza m'mawondo, akudula mitengo ndi chikwanje. A Imrani anangoti kukamwa yasa.

"Kwagwanji kunyumba?"

"Palibe. Ndabwera kudzaona nyali."

A Imrani anawaonetsa nsanja ziwiri, yaifupi m'mphepete mwa madzi, yaitali kumtunda kumbuyo kwake. Woyendetsa chombo akaona nyali ziwirizo zasanjikizana, ina pamwamba pa inzake, amadziwa kuti ali pakati pa njira yakuya. Zikatalikirana ndiye kuti akulowera kumchenga. Zinalidi za sola. Koma mbalame zinkadetsa magalasi, mchere unkadya mawaya, mitengo inkakula n'kuphimba nyali yakumbuyo, ndipo akuba mabatire anali osagona.

Mai Hafsa anachita manyazi pang'ono. Manyaziwo anatha atalowa m'chipinda cha amuna awo. Munali mosesedwa bwino, mapoto okwechedwa mpaka kuwala, pomwe a Imrani kwawo sanatsukepo ngakhale kapu. Kuseri kwa chitseko kunali chitenje chofiira.

"Nanga ichi?"

"Chopukutira magalasi."

Anachinunkhiza.

"Magalasi anuwo amadzola mafuta onunkhira?"

"Ndinagula pakaunjika, mai a Hafsa. Ulendo wonsewu mwayendera kudzanunkhiza nsanza?"

Anakhalako sabata. Palibe mkazi amene anabwera, koma amayi ogulitsa nsomba padoko ankasiya kulankhula iwo akamadutsa. Chipwitikizi sankachimva, choncho sanadziwe ngati akuwaseka kapena akuwamvera chisoni.

Kwa amayi omwewo anagulako thumba la nsomba zouma, ndipo ku Huruyadzo anthu anazilimbirana. Kuyambira pamenepo malonda awo ndi amenewo. Amapita kunyanja kukaoda nsomba, koma tsiku lonyamuka sauza munthu, ngakhale Hafsa. A Imrani akaimba foni kufunsa kuti abwera liti, iwo amangoti, "Nsomba zikatha."