Mayi Modesta a ku Labotale

Mayi Modesta Kamphinda anabadwira m'mapiri a kufupi ndi Mvera, m'banja la alimi a fodya. Anakula akusoka fodya m'chigafa uku akuimba nyimbo za Sande sukulu. Maphunziro anawakakamira, ndipo ataphunzira ntchito yoyeza magazi anatumizidwa ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Malomo. Kumeneko ndi kumene mpingo wathu unawadziwira, ngati kumeneko kunali kuwadziwa.

Ntchito yawo inkafuna mtima wodekha. Ankadontheza magazi pa kachipangizo koyezera, n'kudikira mizere yosonyeza ngati munthu ali ndi kachilombo ka HIV kapena chindoko. Mizere ikatuluka iwiri sankathamangira kulankhula, ankayamba ayezanso ndi kachipangizo ka mtundu wina. Singano ikagwira ntchito sankaivindikiranso, inkapita m'bokosi lake. Tebulo ankalipukuta ndi kolorini, ndipo m'chipindamo simunkalowa ngakhale chimanga chootcha. Magolovesi ankavalira aliyense. "Magazi sadziwa udindo," ankatero. "A abusa ndi a chidakwa ndimawasamala mofanana."

Mayesero awo anabwera ndi ukwati wa eni. A Yosefe, mkulu wa mpingo wotchuka ndi mapemphero ataliatali, anali ndi mwana wawo Luke, amene anafunsira Debora, mwana wa matenanti a pa esiteti. Awiriwo atakayezetsa magazi ukwati usanalengezedwe, a Yosefe anatsekereza Mayi Modesta pakhomo la tchalitchi.

"Mayi, ingondinong'onezani. Mtsikana uja ali bwanji m'thupi? Ana a m'maesiteti timawadziwa ife."

"Bambo, anawo ndinawauza okha zotsatira zawo. Mukawafunse eniakewo."

"Ndikufunsa ngati mkulu wa mpingo!"

"Inenso ndikuyankha ngati Mkhristu, bambo. Si zanga zoti ndigawe."

Mlandu wawo wonse unali womwewo. A Yosefe anayamba kufesa mawu akuti mayiyu ndi wodzimva, ndiponso kuti manja ogwira magazi a odwala sayenera kukhudza chakudya cha Akhristu. Anthu athu, amene bodza amameza osatafuna, anavomera ndi mtima wonse. Pa maliro amayi anzawo anawachotsa kophikira n'kuwatuma kukatola nkhuni. Akakhala pa benchi, anthu ankasendera ngati pakhala linthumbu. Koma likafika Lolemba, oyera mtima omwewo ankazembera ku labotale atafunda chitenje kumutu, n'kupereka mkono mwaulemu.

Mayi Modesta zinkawapweteka, tisanamizane. Ankalira kunyumba kwawo, chifukwa mpingo ankaukonda, ndipo ankadziwa kuti kungowanong'oneza a Yosefe mawu amodzi kukanawabwezera malo awo. Sanawanene. Lamulungu lililonse ankafika oyamba, kusesa m'tchalitchi, n'kukhala pa benchi yawo okha. Luke ndi Debora anakwatirana ndithu, a Yosefe atakwinya nkhope.

Atakalamba n'kupuma ntchito, Mayi Modesta anagwidwa ndi matenda ofoola ziwalo. Amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa anali Debora. A mumpingo njira ya kunyumbako inali itawasokonekera, mpaka tsiku limene kunamveka kuti mayi aja ayamba kubwebweta. Pamenepo chikondi chinabuka mwadzidzidzi! Nyumba inadzaza ndi anthu onyamula Mabaibulo, aliyense akulimbirana kukhala pafupi ndi mphasa, khutu lili tcheru, kuopa kuti dzina lake lingatuluke. A Yosefe, ndi ndodo yawo, anakhala kumutu kwenikweni. Nawonso nthawi ina anakaperekako mkono wawo.

Masana a tsiku lomaliza, Mayi Modesta anatsegula maso n'kuyang'ana nkhope zonsezo.

"Bambo Yosefe," anaitana motsitsa.

Mkulu uja thukuta linali kamukamu.

"Tatiyambitsireni nyimbo. Ndatopa."

A Yosefe anayambitsa nyimbo, ndipo isanathe Mayi Modesta anagona tulo ta mtendere, dzanja lawo lili m'manja mwa Debora.

Pa maliro awo anthu analira kwambiri, ndipo Mulungu yekha ndiye akudziwa kuti angati mwa iwo mtima unali utakhala pansi. Mayiyu anatsikira m'manda ndi zinsinsi za midzi yonse ya kuno osataya ndi chimodzi chomwe. Amene anawasala akuyendabe lero ndi ulemu wawo wonse, ndipo ulemuwo anawasungira ndi Mayi Modesta.